Kuchokera pa Wenela Mpaka ku Park Station: Kukonzekera Ulendo wa ku Joni ndi Miyezi Yoyamba Mukafika

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga anatulukira kwathu ku Ndirande, pasipoti yatsopano ili m'thumba la malaya, n'kunena kuti, "Amalume, ine ndaganiza zolowera ku Joni. Basi yake amakwerera pati?" Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye, chifukwa pokwerera basi ngakhale wogulitsa mandasi pa Wenela atha kumulozera. Tinacheza pakhonde mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa Michiru, ndipo zimene ndinamuuzazo ndi zomwe ndalemba panozi. Ine ndinakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, poyamba ndikugwira maganyu osamalira maluwa m'mayadi, kenako ndikuphika m'lesitilanti.

Choyamba: dziwani chimene pasipoti ikukupatsani

Mmalawi wopita kukacheza ku South Africa safunika viza, ndipo amaloledwa kukhala masiku osapitirira 30. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, komwe basi imadutsa, nakonso sakufunsani viza. Anthu ambiri akangomva pamenepa makutu amatseka. Masiku 30 amenewo ndi a mlendo, si a wantchito ayi. Chilolezo chogwirira ntchito, chomwe tonse timangoti pemiti, mumapempha muli konkuno, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, mutanyamula kalata ya amene akufuna kukulembani ntchitoyo. Chiyambire malamulo a 2014, munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusintha chilolezo chake kukhala cha ntchito ali m'dziko momwemo, kupatula pa zifukwa zowerengeka. Amene muli ndi mapepala a sukulu, bungwe la SAQA liyenera kuwaunika kaye kuti lione akufanana ndi ati kumeneko, ndiye yambani zimenezi kudakali nthawi.

Ndisakunamizeni, Amalawi ambiri amene ndinkakhala nawo analibe pemiti. Munthu amasankha yekha, koma asankhe akudziwa mtengo wake. Mukapitirira tsiku la pachidindo ndi masiku osaposa 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chathunthu. Mukapitirira ndi masiku oposa 30, chiletsocho ndi cha zaka 5. Apolisi akakupezani mulibe mapepala, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe anthu amasungidwa podikira kubwezedwa kwawo, ndipo katundu yense amene munagula amatsala m'chipinda cha lendi.

Mudzamvanso za anthu onena kuti, "Tipatseni pasipoti tikakudinditsireni ku boda." Pasipoti ikuyenda yokha mwiniwake ali phee ku Diepsloot. Chidindo chotere papepala chimaoneka bwinobwino, koma kompyuta ya pa Beitbridge ikapanda kuchidziwa, mlandu ndi wanu, wodinditsa uja simudzamuonanso.

Tsegulani pasipotiyo muone tsiku lothera ntchito ndi masamba opanda kanthu amene atsala. Ulendo wa pabasi umadya zidindo zisanu ndi chimodzi popita pokha, kubwerera zinanso zomwezo. Jambulitsani tsamba lokhala ndi chithunzi chanu, pepala lina musiye kunyumba, lina muike m'chikwama chosiyana ndi momwe muli pasipoti, ndipo chithunzi chake mutumizire m'bale wanu pa WhatsApp. Mukamayenda ndi mwana, tengani chikalata chake cha kubadwa, komanso kalata yovomereza ya kholo lomwe latsala.

Chachiwiri: pezani wokulandirani, ndipo asakhale mmodzi

Apa ndi pomwe ine ndinalira. Ulendo wanga woyamba ndinadalira mlamu wanga wina yemwe ankandiyankha mokoma pafoni, "Ingobwerani alamu, malo alipo, ntchito ndi mbwee." Nditafika ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, ndinabwereka foni kwa mayi wina yemwe tinakhala mpando umodzi m'basi. Nambala sikupezeka. Ndinayesanso, osapezeka. Adiresi ndinalibe, ndinkangodziwa kuti amakhala "cha ku Randburg", ngati kuti Randburg ndi pa Chinseu poti ukafunsa wokonza njinga akulozera nyumba. Ndinagona pabenchi chikwama chili kumutu, mpaka mayi uja, Mulungu amudalitse, anatuma mwana wake kudzanditenga m'mawa mwake. Mlamu wanga anadzapezeka patatha masiku atatu, akuti foni anaba.

Choncho musananyamuke, lembani papepala, osati m'foni mokha, adiresi yonse ya komwe mukafikire: nambala ya nyumba, dzina la msewu, dera. Pa boda atha kukufunsani, ndipo yankho loti "kwa achimwene" silithandiza. Khalani ndi manambala a anthu awiri kapena atatu osakhala nyumba imodzi. Mufunseni wokulandiraniyo mosapita m'mbali kuti akusungani masabata angati, mudzagona pati, ndipo pa chakudya muzidzasonkha zingati. Ubale wambiri wa ku Joni unathera pa nkhani ya mayunitsi a magetsi.

Wina akakulonjezani ntchito pa Facebook, n'kunena kuti thiransipoti alipira yekha koma pasipoti azisunga iye, thawani. Pasipoti sasungitsa kwa bwana, kwa ejenti, ngakhale kwa dalaivala.

Chachitatu: ndalama ndi katundu

Gulani marandi ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, ndipo lisiti lake musataye. Ndalamazo zigaweni pawiri kapena patatu: zina m'kathumba kam'kati mwa zovala, zochepa m'thumba la pafupi zogulira madzi ndi kulipira ku chimbudzi, pakuti zimbudzi zambiri za m'njira n'zolipira. Ku Zimbabwe madola a ku America ang'onoang'ono ndi marandi amayenda bwino. Osintha ndalama a pa boda amawerenga mwachangu ngati amatsenga, musawatulutsire mpukutu wonse. Werengerani kuti mukhala mwezi wathunthu osagwira ntchito, ndipo ya tikiti yobwerera muiike padera ngati kulibe.

Katundu achepe. Tengani juzi yokhuthala ndi bulangete ngakhale mukunyamuka mu Okutobala, chifukwa usiku m'basi mumazizira. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani okwanira, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala ndi kalata yokusamutsani yochokera komwe mumalandirira. Masoketi a magetsi kumeneko ndi a mabowo atatu obulungira, a kuno ndi amakona, ndiye chaja yanu idzafuna adaputa. Achibale adzakusenzetsani usipa, nsinjiro, mpunga wa Kilombero woti mukapatse ana awo. Landirani pang'ono chabe, podziwa kuti pa Beitbridge zakudya zina monga nyama, zipatso ndi mbewu amatha kulanda. Phukusi lomata lomwe simunaone m'kati mwake musanyamule, ngakhale wakupatsaniyo ndi mkulu wa mpingo.

Chachinayi: msewu

Gulani tikiti ku ofesi ya kampani ya basi yodziwika, ndipo funsani pomwe basi yanuyo imanyamukira, pakuti si onse amanyamukira pa Wenela. Dzina la Wenela lenilenilo ndi la ulendo womwewu: linachokera ku WNLA, bungwe lomwe linkalemba azigogo athu ntchito za m'migodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu anaimitsa zimenezi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Njira ya ku Joni si ya lero.

Kuchoka mu Blantyre mudutsa Lunzu, Lirangwe, muwoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera ku Mwanza. Mukadinditsa pa Mwanza mukadinditsanso pa Zobue, mbali ya Mozambique. Kenako Moatize kwa malasha kuja, Tete ndi mlatho wa pa Zambezi, komwe kumatentha moti madzi a m'botolo amasanduka a tiyi. Mutuluka Mozambique pa Cuchamano, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge. Mukawoloka Limpopo ndi Musina, Polokwane, Pretoria, kenako Johannesburg. Wonsewu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700, ndipo konzekerani kukhala panjira tsiku ndi theka kapena masiku awiri, malinga ndi mizere ya pa maboda. Wotchi musasinthe, mayiko anayi onsewa nthawi yawo ndi imodzi.

Pa boda iliyonse tsikani ndi pasipoti yanu m'manja, imani pamzere nokha, dinditsani nokha. Lowezani mtundu ndi nambala ya basi yanu, chifukwa pa Beitbridge usiku mabasi amakhala ambirimbiri ofanana. Boda imeneyi sitseka usiku, ndipo ndi pomwe mungathe maola ambiri, kutsitsa katundu yense, kumutsegula, kumukwezanso. Mu Disembala ndi pa Isitala ndiye osanena.

Tsono chinthu chimodzi ichi musaiwale ngakhale tulo takugwirani bwanji. Wa Imigireshoni wa ku South Africa akakubwezerani pasipoti, musachoke pawindopo musanawerenge tsiku lomwe walemba. Masiku 30 ndi malire chabe, iye atha kulemba ochepa. Ndinaonapo mnyamata wa ku Bangwe akuwerengera mwezi wathunthu pomwe anamupatsa sabata ziwiri, anadzazindikira zitathina kale. Tsikulo lilembeni m'foni, lilembeninso pakhoma la chipinda chomwe mukagone.

Chachisanu: kutsika pa Park Station

Mukafika usiku, khalani m'kati mwa siteshoni mpaka wokutenganiyo afike kapena kunja kuche. Wina akathamangira kukunyamulirani chikwama, kanani mwaulemu n'kugwiritsa katundu wanu. Foni musaimbire mukuyenda mumsewu wa m'tauni. Mukasochera, funsani mlonda wa yunifolomu kapena lowani m'sitolo, osaima pakona n'kumayang'ana nsanjika m'mwamba, chifukwa akuba a kumeneko mlendo amamudziwira pa khosi.

Chachisanu ndi chimodzi: sabata yoyamba

Yambani ndi foni. Simu khadi ya Vodacom, MTN kapena ina iliyonse iyenera kulembetsedwa, kumeneko amati RICA, ndipo amafuna pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala. Lembetsani m'dzina lanu. Ogulitsa m'misewu ali nazo zolembetsa kale m'mayina a anthu ena, koma tsiku lomwe foni idzabedwe nambalayo simudzaibwezeretsa, pomwe mabwana onse amene munawasiyira nambala akuimbira pa iyoyo. Sungani manambala awa: 10111 apolisi, 10177 ambulansi, 112 pa foni ya m'manja.

Kenako phunzirani kukwera minibasi, zomwe iwo amati taxi. Kulibe kondakitala wokuwa kuti "Limbe! Limbe!" ngati pa Mibawa. Mumaimika ndi zala: chala cholozera m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, cholozera pansi ndiye kuti mukutsika m'dera lomwelo, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo zomwe muyenera kufunsa kwa amene mukukhala nawo. Ndalama mumapatsirana mzere ndi mzere kupita kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenji cha galimoto yonse. Ine tsiku lachiwiri ndinakakhala kutsogoloko poganiza kuti ndi malo aulemu. Manja anadzaza ndalama zomwe sindinkazidziwa n'komwe, kumbuyo anthu akukuwa m'Chizulu, thukuta lili kamukamu m'mwezi wa Juni. Mpaka mutazolowera, khalani kumbuyo. Potsika mumati "after robot" ngati mukufuna kutsika mukangodutsa maloboti, kapena "short left" ngati ndi pa kamsewu kakumanzere kotsatira. Gautrain ndi sitima yachangu yofika ku Pretoria ndi ku bwalo la ndege la OR Tambo, koma mtengo wake si wa munthu wofuna ntchito.

Mawu ochepa a Chizulu amatsegula zitseko: "Sawubona" popereka moni, "Ngiyabonga" pothokoza, "Malini?" pofunsa mtengo. Pasipoti muziyenda nayo, apolisi amaimitsa anthu mumsewu n'kufunsa mapepala.

Za nyumba ndikhalitsepo pang'ono. Ambiri timayambira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, kapena m'kanyumba ka malata komwe amati mkhukhu. Musalipire dipoziti ya chipinda chomwe simunachione ndi maso, ndipo lendi iliyonse muzilipira pali umboni, ngakhale uthenga wa pafoni chabe. M'kati mwa tauni muli nsanjika zakale zomwe eni ake anazithawa, anthu ena n'kumatolera lendi m'zipinda zodulidwa ndi mabolodi ndi makatani. Zotchipa inde, koma pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Mukalowa m'nyumba yoti mukhalemo, yang'anani potulukira pena kupatula khomo lomwe mwalowera, yang'ananinso mawaya a magetsi momwe awalumikizira.

Johannesburg ili pamtunda kwambiri, ndipo mu Juni ndi Julaye m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Chiperoni chathu chija ndi masewera. Nthawi imeneyi anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ena osadzukanso. Otherani moto panja, pogona onjezerani bulangete. Ufa wa nsima usakudetseni nkhawa, uli m'sitolo iliyonse, Iwisa, Ace, White Star, ngakhale kuti nsima yake sikoma ngati ya ufa woyera wa kumudzi.

Chachisanu ndi chiwiri: ntchito ndi malipiro

Ntchito zambiri za Amalawi, za m'nyumba, za m'yadi, zomanga, zosoka, za m'khitchini, zimapezeka kudzera mwa Mmalawi mnzako yemwe wakuikira kumbuyo kwa bwana wake. Mbiri yoti ndife okhulupirika anatisiyira ndi amene anatsogola, ndipo ndi imene imatidyetsa. Koma kukhulupirika si kugwira ntchito yaulere. Boma la South Africa limaika malipiro otsikitsitsa pa ola, ndipo kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79, antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu omwe. Chiwerengerochi amachisintha chaka ndi chaka, ndiye funsani chatsopano. Gwirizanani malipiro, maola ndi tsiku lopuma musanagwire tsache.

Gulani kope la masamba ochepa, muzilemba tsiku lililonse nthawi yomwe mwayamba, yomwe mwaweruka ndi ndalama zomwe mwalandira. Bwana wanga wina ankandipatsa theka la malipiro, akuti zinazo akundisungira kuti ndidzapite nazo kumudzi pa Khirisimasi. Disembala itafika anati sakukumbukira. Ndikanakhala ndi kope, nkhani ikanakhala ina. Kuli bungwe la CCMA lomwe limamva madandaulo a antchito kwaulere, ndipo makhoti a kumeneko anagamula kale kuti ngakhale wopanda pemiti ali ndi ufulu wokadandaula. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha oti mukasume.

Za chidani cha alendo musazitenge ngati nthano. Mu Meyi 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Anthu ambiri a kumeneko ndi abwino, ena anandidyetsa ine ndili pa ulova, koma mukamva m'dera mwanu muli mphekesera za zionetsero, tsiku limenelo khalani m'nyumba, pasipoti ndi ndalama zili pafupi.

Chachisanu ndi chitatu: kutumiza kumudzi

Ndalama musasunge pansi pa matiresi, m'zipinda za lendi amathyola. Tumizani kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena makampani ena ovomerezeka, zimafikira pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Yerekezani mitengo yawo musanatumize. Kumbukiraninso kuti kwacha imagwa: mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anaunjika makwacha poyembekeza kudzagula malata chaka chamawa anapeza ndalama zawo zikugula malata ochepa. Ngati mukumanga, tumizani ndalama ya chinthu chimodzi, simenti kapena njerwa, chigulidwe sabata yomweyo, akutumizireni chithunzi ndi lisiti. Matchona angati anabwera kudzaona nyumba yawo ku Machinjiri n'kupeza maziko okha atamera udzu? Miyezi iwiri yoyamba auzeni achibale kuti simutumiza kanthu. Adzadandaula, koma adzazolowera.

Chachisanu ndi chinayi: matenda, maliro ndi njira yobwerera

Pitani ku kiliniki ya boma ya m'dera lanu mudakali bwino, mukatsegulitse fayilo, makamaka ngati mumalandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Malamulo a dzikolo amati munthu wodwala mwadzidzidzi asabwezedwe pachipatala, kaya ndi wa kuti.

Lowani gulu la Amalawi losonkherana za maliro. Pafupifupi dera lililonse lilipo, ena a mpingo, ena a mzikiti, ena a boma limodzi la kumudzi. Kunyamula thupi kuchoka ku Johannesburg kudzafika ku manda a HHI mu Blantyre kapena kumudzi ku Chiradzulu ndi ndalama zomwe banja limodzi silingakwanitse mwadzidzidzi. Magulu omwewa ndi amene amachititsanso chipereganyu, ndipo ntchito zambiri zimamvekera komweko. Dziwaninso kuti Malawi ali ndi kazembe ku Pretoria ndi ofesi ina ku Johannesburg. Pasipoti ikatayika, kanenani kupolisi kaye, mutenge kalata yawo ndi pepala lojambulitsa lija, mupite ku ofesiko akakupatseni chikalata chobwerera kumudzi.

Pobwerera, tikiti ya Disembala gulani mu Okutobala. Katundu wamkulu monga firiji kapena bedi ambiri amatumiza ndi matransipota. Sankhani amene anzanu anamutumapo katundu n'kufika, lembani mndandanda wa zonse, mujambule, ndipo mugwirizane poyera kuti msonkho wa pa boda alipira ndani. Malisiti a zinthu zonse zatsopano muziika m'envulopu imodzi kuyambira tsiku lomwe mwagula, chifukwa a MRA pa Mwanza adzafuna kudziwa mtengo wa chilichonse, ndipo mukasowa lisiti mtengowo amaika okha.